Onetsani chiphaso, koma chibwerere m'thumba mwanu

Mwezi wathawu ndidaima pa Lizulu kudikira minibasi yopita pa boma la Ntcheu, ndipo njala itandipweteka ndidagula tchipisi pachiwaya. Mnyamata wogulitsayo adandikulungira m'pepala loyera la mu ofesi. Ndili mkati mwa kudya, mafuta atanyowetsa pepala lija, ndidaona nkhope ya mayi wina ikuonekera kuseri kwake. Idali fotokope ya chiphaso cha unzika, kumaso ndi kumbuyo komwe: dzina lonse, tsiku lobadwa, nambala ya chiphaso, ndipo m'munsi mwake wina adalembamo ndi bolopeni nambala ya foni ndi dzina la mudzi. Ndidafunsa kuti, "Achimwene, mapepala awa mumawatenga kuti?" Iye adayankha akutembenuza mbatatesi zake kuti pali munthu amene amabwera nawo m'thumba n'kumagulitsa pa kilo. Pepalalo ndidalipinda n'kukalitentha kunyumba, koma nkhope ya mayi uja sinandichoke m'maganizo. Iye adapereka fotokope ija pakhomo lina mwaulemu, mwina atagwada, ali ndi chikhulupiriro choti ikasungidwa bwino.

Nkhani ya ziphaso za unzika ikukambidwa paliponse masiku ano: m'maminibasi, pa mapologalamu oimba foni a pa wailesi, m'magulu a WhatsApp, ngakhale pa siwa. Ena akuti chiphasochi ndi chingwe chimene boma latimanga nacho m'khosi kuti lizitidziwa kulikonse tapita. Ena akuti amene akudandaula za chinsinsi ali ndi kanthu kena kobisa. Ine ndili mbali ya chiphaso, ndipo ndikunena poyera kuti Mmalawi aliyense wofika zaka 16 ayenera kukhala nacho. Koma ndikunenanso kuti ngozi yaikulu imene ili pa chinsinsi chathu lero sikuchokera ku chiphasocho ayi. Ikuchokera ku chizolowezi chathu chochipereka kwa aliyense amene wachifunsa, popanda kufunsa kuti akufuna atani nacho, komanso ku mwano wa maofesi ndi mabizinesi amene amatolera zambiri za anthu ngati akutola nkhuni zopanda mwini. Chiphaso n'choonetsa. Sichiyenera kugona m'manja mwa munthu wina, ndipo mthunzi wake suyenera kutsala paliponse pamene tadutsa.

Ndiyambe ndi chifukwa chimene ndikuchiikira kumbuyo, poti ena aiwala kale mmene zinthu zidalili. Lamulo la kalembera wa nzika lidakhazikitsidwa mu 2010, koma mpaka 2017 Mmalawi wamba adalibe chiphaso chimodzi chomuzindikiritsa. Amene adali ndi pasipoti kapena laisensi ya galimoto adali owerengeka, ambiri a m'tauni. Mlimi wa ku Kasinje kapena ku Mayani akafuna kutsekula akaunti ku banki ankayenda ndi kalata ya mfumu kapena kachiphaso kovotera kong'ambika m'mphepete, ndipo kawirikawiri ankabwezedwa. M'chaka cha 2017 bungwe la boma la kalembera wa nzika la NRB, mothandizidwa ndi UNDP, nthambi ya chitukuko ya United Nations, lidalemba anthu oposa 9 miliyoni m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuwajambula ndi kuwadinda zala. Amene tidakhalako nthawi ya makuponi a feteleza tikukumbukira midzi yongopeka, mayina a anthu akufa akulandira matumba awiriawiri, amoyo akubwerera chimanjamanja. Tikukumbukiranso nkhani za anthu olandira malipiro a boma amene palibe adawaonapo pa ntchito. Dzina likamangiriridwa ku nkhope ndi ku zala za mwini wake, bodza lotere limavuta kuliluka. Sindikunena kuti latheratu, koma wakuba tsopano amayamba watuluka thukuta. Kwa munthu wosauka, amene alibe mbale wake mu ofesi woti amunenere kuti "uyu ndimamudziwa", chiphaso ndiye mboni yake.

Komabe amene akuopa boma ali ndi mfundo yoyenera kuimvetsera, makamaka akuluakulu. Atsibweni anga akamva mawu oti khadi amakhala chete kaye, chifukwa kwa iwo khadi ndi lija la chipani la m'nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi. Amakumbukira a yufi ataima pachipata cha msika ndi pokwerera basi, kubweza aliyense wopanda khadi, mpaka kugulitsa khadi kwa mayi woyembekezera kuti likhale la mwana wam'mimba. Amakumbukira a Mboni za Yehova amene adazunzidwa n'kuthawira ku Mozambique ndi ku Zambia chifukwa chokana kuligula. Munthu amene adaona zimenezo ndi maso ake sungamuuze kuti mantha ake ndi umbuli. Yankho langa kwa iwo n'lakuti zinthu ziwirizi zimafunsa mafunso osiyana. Khadi lija linkafunsa kuti uli mbali ya yani, pamene chiphaso cha unzika chimafunsa kuti ndiwe yani. Pamwamba pake sipalembedwa chipani, mpingo kapena mtundu wa munthu. Khadi lija unkagula chaka ndi chaka kuti uonetse kugonja, pamene ichi ndi umboni woti boma lili ndi udindo pa iwe.

Ngakhale zili choncho, ndingakhale wabodza nditanena kuti nkhawa yawo yonse yathera pamenepa. Kuyambira 2018, pamene MACRA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi mawailesi, idalamula kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe, chiphaso chimodzichi chalumikizidwa ku foni, ku banki, ku kaundula wa mavoti, ku zipangizo zaulimi zotsika mtengo ndi ku thandizo la Mtukula Pakhomo. Wogwira nsonga imodzi ya ulusi umenewu akhoza kukoka moyo wonse wa munthu. Ndipo nkhokwe za boma si zosaboweka: kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti idaima kwa milungu ingapo, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera adauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa kompyuta adalowerera makinawo n'kumafuna dipo. Funso tsono n'lakuti, kodi kukana chiphaso kungatiteteze ku zimenezi? Ayi. Wokana amangodzitsekera kunja kwa banki, kwa voti ndi kwa thandizo, pamene nkhokweyo ikupitirira kukula popanda mawu ake. Chimene chimamanga manja a boma ndi lamulo limene eni ake akulidziwa ndi kuligwiritsa ntchito. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi. Mu 2024 lidayamba kugwira ntchito lamulo la Data Protection Act, limene limati wotolera zambiri za munthu anene cholinga chake, asazigwiritse ntchito ina, asazisunge kupitirira nthawi yofunikira, ndipo mwini wake ali ndi ufulu wodziwa zimene zasungidwa ndi kukonzetsa zolakwika. Udindo woyang'anira lamuloli udapatsidwa kwa MACRA. Ine pandekha ndikadakonda ukadapita ku bungwe loima palokha, chifukwa n'kovuta kuti amene amalamula kulembetsa manambala akhalenso mlonda wa zimene zalembedwazo. Koma lamulo lilipo, ndipo chimene chikusowa n'choti lifike pa Lizulu, pa Chimbiya ndi pa Kampepuza m'chinenero chimene anthu amamva.

Pali ena amene amakana chiphaso pa zifukwa za chikhulupiriro, poopa kuti kudinda zala ndi kupatsidwa nambala ndiko kulandira chizindikiro cha chilombo, 666 ija. Sindikufuna kulimbana ndi chikumbumtima cha munthu. Ndingokumbutsa kuti abale omwewa ali ndi nambala ya foni, buku la kuchipatala ndi nambala ya mayeso ya mwana wawo, ndipo palibe chimodzi mwa izi chidawauza kuti asiye kupembedza Mulungu wawo. Chiphaso nachonso sichifunsa munthu kuti agwadire wina aliyense.

Mbali imene ndikulimbana nayo kwambiri ndi ya anzanga amene akugwirizana nane kuti chiphaso n'chabwino, koma amawonjezera kuti wopanda mlandu saopa, ndipo kuti nkhani ya chinsinsi ndi ya azungu ndi anthu ophunzira a ku Lilongwe. Iwo amati kumudzi kulibe chobisika, aliyense amadziwa kuti wakuti adakolola ngolo zingati ndipo mwana wa uje adabadwa liti, ndiye nambala ya pa chiphaso ili ndi chiyani? Mfundo imeneyi imamveka yanzeru, koma ikunamizira chikhalidwe chathu. Ndi mzungu uti adatiphunzitsa kunena "odi" tisadalowe pabwalo la mwini? Kuno ku Dedza mwana aliyense amadziwa kuti za kudambwe sizikambidwa pa msewu, ndipo za kutsimba zimatsala kutsimba. Mkamwini salowa kuchipinda kwa apongozi. Mayi wamkulu sitimutchula dzina lake laubwana, timati Nangozo kapena Naphiri, chifukwa dzina lenileni la munthu si loponyaponya. Agogo athu ankakwirira tsitsi akameta ndi zikhadabo akawenga, ndipo ankaopa munthu wotapa dothi la pamene waponda. Kaya wina amakhulupirira za ufiti kapena ayi, nzeru yake njoonekeratu: chimene chachoka pa thupi lako, chikagwa m'manja mwa wokufunira zoipa, chikhoza kukuvulaza iwe uli kutali. Lero tikusiya nkhope, dzina, tsiku lobadwa ndi siginecha pa tebulo la munthu amene sitikumudziwa n'komwe, n'kumati chinsinsi ndi chachilendo.

Ndipo kuvulazako si nthano. Tonse tidalandirapo uthenga uja woti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi", kapena foni ya munthu wodzitcha wogwira ntchito ku kampani ya mafoni amene amakutchula dzina lako lonse kuti umukhulupirire, kenako n'kukufunsa nambala yachinsinsi. Nambala zimene akubawa amagwiritsa ntchito zidalembetsedwa m'dzina la munthu wina, ndipo munthuyo nthawi zambiri sadziwa. Taganizani mayi wa pa pepala langa la tchipisi lija. Wina wamtima woipa atatenga fotokope ija n'kupeza ejenti wosasamala, nambala yatsopano ikhoza kutuluka m'dzina lake. Tsiku limene apolisi adzatsate nambalayo, sadzagogoda kwa wakuba, adzagogoda kwa mayiyo, ndipo iye adzayamba kulumbira pa zinthu zimene sazidziwa. Pamenepo mpamene mawu oti wopanda mlandu saopa amathera, chifukwa wopanda mlanduyo ndiye amene amasenza mlandu wa eni. Kuwonjezera apo, nthawi ya kampeni ikafika timamva za anthu oyenda m'midzi ndi makope, kulemba manambala a ziphaso polonjeza ngongole kapena chimanga. Nambala ya chiphaso singauze munthu aliyense amene mwamuvotera, poti pepala lovotera silikhala ndi dzina. Koma agogo akumudzi akauzidwa kuti "takulembani, tidzadziwa", mantha okhawo ndi okwanira kuwabera voti yawo.

Tsopano ndifike pa mfundo imene imandivuta kuyankha, ndipo ndiivomereze kulemera kwake. Kuyambira 2020, pamene ndondomeko ya AIP idayamba kugwiritsa ntchito chiphaso cha unzika pogula feteleza wotsika mtengo, chiphaso chidasanduka katundu wa malonda. Mavenda ankayenda m'midzi kutolera ziphaso, kupatsa mwini wake kangachepe, iwo n'kukagula matumbawo kuti akagulitse pa mtengo wa pa msika. A katapila nawonso amagwira chiphaso ngati chikole, monga amachitira ndi makhadi a ku banki a aphunzitsi. Ukamufunsa mlimi chifukwa chake, amakuyankha kuti, "Bambo, dzina langa lidatuluka inde, koma ndalama yowombolera ndilibe, ana agona ndi njala masiku awiri. Chinsinsi chimadyedwa?" Munthu wokhuta asafulumire kumuweruza ameneyu. Mwezi wa Disembala kumudzi si wamasewera.

Komabe sindingavomere kuti umphawi ukhale chifukwa choti tisiye kukamba za nkhaniyi, pakuti wosauka yemweyo ndiye amaluza kawiri. Ndalama ya venda imatha sabata isadathe, munda umakhala wopanda feteleza, ndipo njala ya chaka chamawa imakhala yabzalidwa kale. Chiphaso chikapanda kubwerera, monga zimachitikira kawirikawiri, ayenera kukayamba kupolisi kukatenga kalata, kulipira kuti apatsidwe china, ndi kuyenda ulendo wochoka ku Tsangano kapena ku Golomoti kukafika pa boma, mwina kawiri kapena katatu. Pa nthawi yonseyo thandizo lina likabwera m'mudzi limamudutsa. Choncho chala changa sindikuloza mlimi poyamba. Ndikuloza wogulitsa pa depoti amene amalandira ziphaso makumi atatu kuchokera m'dzanja limodzi, akuona bwinobwino kuti nkhope ya wobweretsayo sikufanana ndi iliyonse ya pa ziphasozo. Chiphaso chidaikidwa chithunzi kuti wina aziyang'ana. Kugwira chiphaso cha munthu ngati chikole kuyenera kuonedwa ngati kumulanda khasu m'nyengo yolima, ndipo mafumu athu, amene amaweruza milandu ya mbuzi yodya mmera, akhoza kuweruzanso mlandu umenewu pabwalo.

Kwathu kuno kuli mfundo inanso imene anthu a kutali ndi malire sangaimve msanga. Pa Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire: tsidya lino Malawi, tsidya ilo Mozambique. Angoni a kwa Gomani ali mbali zonse ziwiri, anthu amakwatirana, amalima madimba ku Angonia n'kudzagulitsa kabichi ndi mbatatesi kuno, maliro amalira limodzi. M'zaka za m'ma 1980 maboma a Dedza ndi Ntcheu adasunga anthu ambirimbiri othawa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo ena adakwatira n'kukhazikika. Pachifukwa ichi ena amati chiphaso chikudula pakati pa abale, pamene ena amadandaula kuti anthu a tsidya ilo adalembetsa nawo n'kumalandira za Amalawi. Madandaulo onse awiri ali ndi choonadi chake. Koma ndikaganiza za mnyamata wobadwira ku Biriwiri, mayi wake Mmalawi, amene kale ankati akafika pa rodibuloko amafunsidwa mafunso ngati mlendo chifukwa cha kalankhulidwe kake, ndimaona kuti munthu wa m'malire ndiye amafunikira chiphaso kuposa wina aliyense. Chimamuchotsa m'manja mwa zoganizira za wapolisi. Chimene sindingalole n'chakuti chiphaso chikhale mpanda pa khomo la chipatala. Mayi akabwera ndi mwana wotentha thupi, athandizidwe kaye, za mapepala zibwere pambuyo.

Apa mpamene boma nalo liyenera kumva mbali yake, chifukwa walira mvula walira matope. Ngati lanena kuti popanda chiphaso munthu sangalembetse kuvota, monga lidanenera lamulo la zisankho limene lidagwira ntchito pa chisankho cha pa 16 Seputembala 2025, ndiye kuti kupereka chiphasocho msanga si chifundo, ndi ngongole. Tidaona achinyamata akudikira miyezi yambiri atalembetsa, ziphaso zina zitaunjikana m'maofesi eni ake osadziwa, ndi agogo amene zala zawo zidafufutika ndi mpini wa khasu makina akukana kuziwerenga. Mu 2023 boma lidachita kuimitsa kaye zoti ziphaso zizitha mphamvu, litaona kuti anthu ochuluka ali ndi ziphaso zakutha, ndipo mu 2024 zidatengera bwalo lamilandu lalikulu kulamula kuti a NRB azipezeka pa malo olembetsera mavoti kuti opanda ziphaso athandizidwe pomwepo. Izi zikusonyeza kuti anthu akalankhula zinthu zimasuntha. Mphamvu yomweyo imene tidagwiritsa ntchito pofuna kuti ziphaso zituluke tiigwiritsenso ntchito pofunsa kuti zimene tidapereka zikusungidwa motani, ndani ali ndi kiyi, ndipo wogulitsa mapepala a mu ofesi pa kilo amalangidwa bwanji.

Pali zina zimene sizilira kudikira Nyumba ya Malamulo. Ofesi iliyonse, sukulu, bungwe la ngongole kapena kampani yolemba ntchito imene imafunsa fotokope iyenera kuyamba yadzifunsa ngati ikuifunadi, chifukwa nthawi zambiri kuona chiphaso ndi kulemba nambala n'kokwanira. Ngati fotokope njofunikadi, mwini wake alembe pamwamba pake ndi bolopeni, mopingasa nkhope, kuti waipereka kwa yani, pa ntchito yanji ndi tsiku lake, kuti isakagwire ntchito kwina. Mapepala akatha ntchito atenthedwe, asapite ku msika. Anyakwawa ndi a makomiti a chitukuko asiye chizolowezi chotolera ziphaso za mudzi wonse m'jumbo n'kugona nazo masiku atatu poti "tikulemba mayina". Mayina alembedwe mwini wake ali pomwepo, atenge chake azipita. Ndipo ife amene tili ndi mafoni a intaneti tisamatumize zithunzi za ziphaso m'magulu a WhatsApp chifukwa wina walengeza za ntchito kapena thandizo limene palibe akudziwa kochokera. Ndikudziwa kuti kufunsa munthu wa mu ofesi kuti "mukufuna mutani nacho?" kumaoneka ngati mwano kwa ife amene tidaleredwa mogwada. Koma ulemu ndi kufunsa sizidana. Munthu akhoza kuwomba m'manja n'kufunsabe.

Ndidaziona zimenezi kwa azakhali anga, mayi wa zaka zopitirira 70 amene sadapite patali ndi sukulu. Chiphaso chawo amachikulunga m'kapulasitiki n'kuchimangirira pa nsonga ya chitenje pamodzi ndi ndalama. Tsiku lina ndidawaperekeza kukatapa ndalama imene mwana wawo adatumiza kuchokera ku Johannesburg. Mnyamata wa pa kauntala adalandira chiphaso, kenako adatulutsa foni yake ya m'thumba kuti achijambule. Azakhali adatambasula dzanja n'kuphimba chiphaso chija.

"Mwananga, chithunzicho chikupita kuti?"

"N'chongosunga, agogo, timatero ndi aliyense."

"Ukasunge m'foni yako yomwe umabwereketsa anzako? Iyayi. Yang'ana nkhope yangayi, uyang'ane ya pamenepo, ulembe nambala m'buku lakolo, undipatse."

Mnyamata uja adayang'ana anthu a pa mzere, n'kubweza foni m'thumba. Adalemba nambala m'buku, adawerenga ndalama, n'kupereka zonse ndi manja awiri. Mayi amene adali kumbuyo kwathu atafika pa kauntala, nayenso sadalole kuti chake chijambulidwe.